Mmene mungathandizire mphaka amene wachita mantha ndi phokoso

Mphaka amamva mawu okwera mpaka pafupifupi 64 kHz (muyeso wa kukwera kwa mawu), pomwe makutu a munthu amalekezera pa 20 kHz. Choncho bingu la mvula yoyamba, matalala pa denga la malata kapena makombola a usiku wolowa chaka chatsopano zimamusautsa kwambiri. Mudzamuzindikira ndi maso otong'oka, makutu ogonera kumbuyo ndi ubweya wa kumchira woimirira.

Choyamba tsekani zitseko ndi mawindo, chifukwa mphaka wamantha amathawa osaona kumene akupita. Akalowa pansi pa bedi kapena kuseri kwa kabati, musiyeni komweko. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amamukoka kuti amunyamule, poganiza kuti akumutonthoza. Kwa mphaka, kubisala ndiye mankhwala ake, ndipo kumugwira mwamphamvu kumangowonjezera mantha. Ana awuzeni asamusuzumire. Galu ndi amphaka ena akhale chipinda china, poti mphaka wodzidzimuka amatha kulusira aliyense amene ali pafupi, ngakhale mnzake wogona naye pamodzi.

Ngati alibe pobisala pabwino, tengani katoni, booleni khomo laling'ono m'mbali, yalani chovala chanu chosachapa mkati mwake, ndipo muyiike pakona pamdima. Tsekani makatani, yatsani wailesi chapansipansi kuti phokoso lakunja lisamveke kwambiri. Madzi ndi chakudya ikani pafupi ndi pobisalapo, koma bokosi la mchenga lodzithandiziramo likhale kumbali ina ya chipinda, chifukwa mphaka sakonda kudyera pafupi ndi chimbudzi chake.

Kenaka khalani pansi chapatali pang'ono, muzilankhula motsitsa mawu. Musamuyang'anitsitse m'maso, phethirani pang'onopang'ono n'kuyang'ana kumbali. Akatuluka yekha, mupatseni chala anunkhize, ndipo akafuna musisiteni pamasaya. Ena amatuluka pakangopita ola limodzi, ena amadikira mpaka m'nyumba mutati zii usiku.

Pomunyengerera kudya, yesani nyama ya nkhuku yowiritsa yopanda mafupa kapena usipa wophika wopanda mchere, masupuni awiri okha, zofundirako pang'ono kuti fungo limveke. Ndiwo zotsala patebulo ayi: anyezi ndi adyo amawononga magazi a mphaka. Akakodza pamalo osayenera musamukalipire, ingotsukani bwino.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira. Akatha maola 24 osadya kanthu, pitani naye kwa dokotala wa ziweto, chifukwa mphaka, makamaka wonenepa, akakhala masiku awiri kapena atatu osadya, mafuta amaunjikana m'chiwindi. Akamapuma atayasama kukamwa phokoso litatha kale, si mantha okha. Akagona, werengani kukwera kwa chifuwa kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi. Zikapitirira 30 pa mphindi, funsani dokotala. Choopsa kwambiri ndi mphaka wamwamuna amene akunjuta pamchenga kawirikawiri koma mkodzo osatuluka. Nkhawa imatha kutupitsa chikhodzodzo, njira ya mkodzo n'kutsekeka, ndipo akhoza kufa m'masiku awiri kapena atatu. Ameneyo muthamangire naye kwa dokotala tsiku lomwelo.

Musamupatse mankhwala a anthu. Panado, ngakhale mbulu umodzi, akhoza kupha mphaka, poti chiwindi chake sichitha kuwasungunula bwino. Ngati mantha amamugwira chaka ndi chaka, dokotala angamulembere mankhwala ochepetsa nkhawa otchedwa gabapentin oti amwe nthawi ya makombola isanakwane.

Akakhala kuti anathawira panja, yambani kufufuza pafupi penipeni: m'khola, pansi pa galimoto, kuseri kwa mulu wa nkhuni kapena njerwa. Mufunefune kukada, muli ndi tochi, maso ake adzanyezimira. Ndipo akakulumani kapena kukukalani pomugwira, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, kenaka mupite kuchipatala, makamaka ngati sanabayidwe katemera wa chiwewe.