Musanayankhe agogo, pumani katatu

Mwezi watha ndinafika pakhomo pena kufupi ndi Khombedza, m'boma la Salima, dzuwa litapendeka. Mayi wa pakhomopo ankapeta mpunga, apongozi awo ali pamkeka chapafupi. Pa kanthawi kochepa komwe ndinakhalapo, agogowo anafunsa kasanu kuti, "Kodi abambo abwerako kunyanja?" Abambo akunenedwawo anatisiya kalekale. Kanayi konse mayiyo anayankha mwaulemu. Kachisanu lichero linagwa, mawu anakwera, ndipo anathawira kuseri kwa nyumba kukalira. Pobwerako anati, "Alangizi, ine ndine munthu woipa. Ndimakalipira apongozi ngati mwana."

Si kuipa mtima kumeneko, mayi. Ndi kutopa.

Matenda a agogowa achipatala amawatcha dementia, ife timangoti matenda oiwalaiwala. Ndi matenda a ubongo. Si ufiti, komanso si ukalamba wamba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lapansi ali nawo, ndipo ambiri mwa iwo gwero lake ndi nthenda ya Alzheimer. Wodwalayo safunsa mobwereza mwadala: yankho lanu silikhazikika m'mutu mwake. Ambiri amasokonezeka kwambiri chakumadzulo, nthawi yomwe inunso mwalema ndipo ndiwo zili pamoto. Ndipo kwa oyandikana nawo amene amanong'ona akaona agogo akuyenda usiku, ndikukumbutseni kuti lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Njira yomwe ndikufuna muyese pa Chingerezi amati mindfulness. Katswiri wina wa ku America, Jon Kabat-Zinn, anayamba kuiphunzitsa odwala mu 1979 ku University of Massachusetts, m'maphunziro a masabata 8. Koma mawu ake tili nawo kale: kukhazika mtima pansi. Chatsopano n'chakuti mumachita kuphunzira, tsiku ndi tsiku, ngati mmene munaphunzirira kusenza ndowa osagwira.

Taonani kumene maganizo a wosamalira wodwala amakhala. Mwina ali kudzulo: "Amayi amenewa ndi amene ankaweruza nkhani pamudzi pano, lero sakundidziwa." Mwina ali kumawa: "Sopo watha, nanga akadzatuluka usiku n'kulowera kumsewu?" Thupi lili pano, mtima uli kwina, ndipo katundu wa masiku atatu mukumusenza tsiku limodzi. Ntchito yake ndi kubweza mtimawo pamene pali thupi.

Yambani mbandakucha, agogo asanadzuke. Khalani pakhonde mphindi zisanu, mapazi agunde pansi. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6. Maganizo abwera ndithu, a fizi, a feteleza, a mlamu amene salabadira. Musalimbane nawo. Ingozindikirani kuti mwapita kutali, mubwerere ku mpweya. Ambiri amandiuza kuti alephera chifukwa maganizo sanaleke. Ayi, kubwererako ndiye phunzirolo, ngakhale mubwerere kakhumi.

Mukasowa mphindi zisanuzo, ntchito zomwe muli nazo kale zikukwanira. Pamjigo, mverani kuzizira kwa madzi m'manja. Potsuka mbale, tsukani mbale yokhayo. Mukamawadzoza mafuta agogo, onani khungu la manja awo, mumve kufunda kwake, osathamangira.

Zonsezi n'zokonzekera mphindi yovuta ija, funso likabwera kachisanu. Mkwiyo sufika mwakabisira, thupi limayamba kunena. Nsagwada zimalimba, mapewa amakwera, pachifuwa pamatentha. Mukamva zimenezo nenani chamumtima, "Mkwiyo wafika." Ikani pansi chomwe mwagwira. Pumani katatu musanatsegule pakamwa. Kenako yankhani, koma musatsutsane nawo. Mukawauza kuti amuna awo anamwalira, kwa iwo amakhala maliro atsopano, ndipo pakapita kanthawi afunsanso. Ndi bwino kunena kuti, "Mwawasowa, eti? Ankabwera ndi nsomba zanji, chambo kapena usipa?" Zakale zimakhalitsa m'mutu mwawo kuposa za lero, ndipo nthawi zambiri nkhope imamasuka akayamba kufotokoza.

Ena amandifunsa ngati izi sizikutsutsana ndi chipembedzo. Ine sindionapo vuto. Wa kutchalitchi ndi wa kumzikiti yemwe akhoza kupuma motere asanayambe pemphero lake.

Pali china chimene chimandipweteka. Kupuma sikulowa m'malo mwa tulo, ndiponso sikulowa m'malo mwa abale. Si chilungamo kuti mpongozi mmodzi asenze zonse, ana enieni ali ku Lilongwe akungotumiza ndalama pafoni. Khalani pansi monga banja, mugawane masiku. Amayi a mvano kapena a dawa apempheni abwere adzakhale ndi agogo maola awiri, inu mukagone kapena mupite kumsika.

Agogo akasokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse, thamangirani nawo kuchipatala, chifukwa akhoza kukhala malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo. Inunso ngati simukugona, mukungolira, kapena mwayamba kuganiza zodzipweteka kapena kuwamenya, musabise. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena pitani kuchipatala cha boma ku Salima mukafunse oona za matenda a maganizo.

Mayi uja ndinakumana nayenso kusikelo. Akuti amakalipabe masiku ena, koma tsopano amamva nsagwada zikamalimba, ndipo lichero amaliika yekha pansi.