Momwe mungapempherere mwakachetechete ndi Baibulo m'manja

Pemphero lowerenga Malembo mosinkhasinkha, limene Akatolika amalitcha lectio divina, ndi lakale kwambiri, ndipo mmonke wina dzina lake Guigo ndiye analongosola magawo ake anayi m'zaka za m'ma 1100: kuwerenga, kusinkhasinkha, kuyankha ndi kukhala chete pamaso pa Mulungu. Mkhristu wa mpingo uliwonse angathe kulichita.

Choyamba khalani ndi Baibulo lanulanu. Buku Loyera la 1998 Chichewa chake n'chosavuta kumva, ngakhale ambiri anazolowera Buku Lopatulika la 1922. Mitengo inakwera kwacha itagwa mu Novembala 2023, komabe ndi bwino kugula ku parishi kapena m'sitolo ya mabuku kusiyana ndi lakale la pamsika, lomwe nthawi zina mumakalipeza kunyumba lili losowa masamba. Za mafuta ndi madzi a m'mabotolo amene ena akugulitsa ponena kuti amafulumizitsa mayankho, musataye nazo ndalama. Baibulo la pafoni limathandiza, bola muzimitse intaneti kuti mauthenga a WhatsApp asakusokonezeni.

Kuno ku Mangochi nthawi yabwino ndi m'bandakucha, pamene abale athu achisilamu akuitanidwa ku mzikiti, dzuwa lisanayambe kuwotcha malata. Yesu nayenso ankalawira kukapemphera kwayekha (Marko 1:35). Sankhani ndime yaifupi, monga Marko 4:35-41, ya namondwe panyanja, yomwe aliyense amene anaonapo bwato likulimbana ndi mwera mu Juni amaimva msanga. Werengani kawiri pang'onopang'ono, ndipo mawu amene akukhudzani, monga akuti "Tonthola, khala bata," muwabwereze mumtima, kenaka muuzeni Mulungu zomwe adzutsa mwa inu.

Gawo lachinayi ndi limene linandivuta kwambiri. Ndikangotseka maso, maganizo a fizi ya ana, ngongole ya ku banki m'khonde ndi mtengo wa chimanga ankabwera motsatizana, ndipo ndikamalimbana nawo ankangochulukirachulukira, mpaka ndinkadzuka ndi mtima wolemera ndikuganiza kuti Mulungu sakundimva. Chimene chinandithandiza ndi kuleka kuwathamangitsa. Ganizo likabwera, lizindikireni, liperekeni kwa Ambuye, ndipo mubwerere mofatsa ku mawu aja popanda kudzidzudzula, ngakhale zitatero kambirimbiri pa mphindi 10 zokha. Teresa wa ku Avila, sisitere wa ku Spain amene anamwalira mu 1582, anakhala zaka zambiri akuvutika ndi zododometsa zotere, koma sanasiye kupemphera. Masiku ena simudzamva kukoma kulikonse, ndipo apa m'pofunika kukumbukira kuti Mulungu ndiye anayamba kutikonda (1 Yohane 4:19), choncho chikondi chake sichiyembekezera kuti mtima wathu utenthe kaye. Khalani pampando msana uli chilili, chifukwa mukagona pamphasa tulo sitichedwa kukubani.

Tsekani ndi Atate Athu, ndipo mawu aja mupite nawo ku ntchito, kudimba kapena kudoko. Madzulo, monga anaphunzitsira wansembe woyera Ignatius wa ku Loyola, dzifunseni pamene munaona chikondi cha Mulungu tsikulo, kaya mwa mnansi amene anakutapirani ufa kapena wakabaza amene anakudikirirani, ndipo muthokoze. Mukasowa ndime ya mawa, tengani mawerengo a pa Misa ya pa Radio Maria.