Masabata 6 okha pepala la FR lisanafike: umu ndi momwe ndidawerengera

Ndidalembetsa mayeso a ACCA, bungwe la ku Britain lopereka ziphaso za ukatswiri wa maakaunti, a mwezi wa Disembala, Okutobala atatsala pang'ono kutha, chifukwa ndalama yake idachedwa kupezeka. Mayesowa timalipira m'mapaundi, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pepala limodzi limadya gawo lalikulu la malipiro a munthu ngati ine, kalaliki wa maakaunti pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Imelo yotsimikiza itafika ndidayang'ana kalendala ya pakhoma. Padatsala masabata 6. Pepala lake Financial Reporting, lomwe tonse timangoti FR.

Ngati inunso zakugwerani zoterezi, musanatsegule buku lililonse tengani cholembera muyambe kufufuta masiku omwe si anu. Ife a maakaunti mwezi wathu ndi wodukaduka. Masiku atatu omaliza a mwezi ndi atatu oyamba a mwezi wotsatira timatseka mabuku, munthu nkufika kunyumba 8 koloko usiku mutu utalemera ndi bank reconciliation, kufananitsa mabuku athu ndi sitetimenti ya kubanki. Pa 14 tikhale titapereka msonkho wa pa malipiro (PAYE) ku MRA, pa 25 msonkho wa VAT. Choipa kwambiri ndi chakuti mayeso a Disembala amabwera kumayambiriro kwa mweziwo, kutanthauza kuti kutseka mabuku a Novembala kumakugwira pakhosi nthawi yeniyeni yomwe ukufunika kubwereza. Ine nditafufuta zonsezi, kuphatikizapo Loweruka la chinkhoswe cha mng'ono wanga chomwe sindikadachithawa, ndidatsala ndi masiku 28 oti ndingawerengemo ndithu. Ndondomeko yanu muimange pa masiku otsalawo.

Poyamba ndinkafuna kulemba awiri, FR ndi Audit and Assurance, poti ACCA imalola mpaka mapepala anayi pa nyengo imodzi ya mayeso ndipo ndinkaona kuti zaka zikunditha. Mnzanga wa mu ofesi yathu, amene adamaliza kalekale, adangoti, "Achemwali, mapanga awiri avumbwitsa. Mayeso amabwera kanayi pa chaka, Malichi si patali." Adanena zoona. Pamene nthawi yachepa, pepala limodzi lokhoza limaposa awiri a malikisi 45 onse, komanso ndalama yobwerezera imapweteka kuposa kudikira miyezi itatu.

Tsopano dziwani mdani wanu mmene adakhalira. FR ndi maola atatu pa kompyuta, malikisi 100, wokhoza afike 50. Section A ili ndi mafunso 15 a malikisi awiri lililonse. Section B ndi nkhani zitatu, iliyonse mafunso asanu a malikisi awiriawiri. Section C ndi mafunso awiri akuluakulu a malikisi 20 lililonse. Mukagawa mphindi 180 pa malikisi 100 mupeza kuti malikisi amodzi ndi mphindi 1.8. Choncho A ndi mphindi 54, B mphindi 54, funso lililonse la C mphindi 36. Manambala amenewa ndidawalemba pa kapepala nkumata pagalasi la kuchipinda. Mapepala a Performance Management ndi Financial Management adakonzedwanso chimodzimodzi, ndiye zomwe ndikunenazi mutha kuzinyamula nkupita nazo kumeneko.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Buku lalikulu lija la Kaplan kapena BPP, lomwe timati study text, musaliyambe tsamba loyamba. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kutero, chifukwa ndi momwe tidaphunzirira kusekondale: werenga mutu wonse, lemba manotsi okongola, mafunso pambuyo. Ulendo wanga woyamba pa pepala lomweli ndidachita zimenezo. Ndidadzaza makope awiri ndi manotsi a zolembera zamitundumitundu, mafunso ndidayamba kutatsala masiku asanu, ndipo ndidalakwa. Ulendo wachiwiriwu ndidayambira ku exam kit, buku la mafunso lija. Ndinkatsegula funso la mutu womwe sindikuudziwa bwino, ndinkaliyesa ngakhale ndikuona kuti ndikusokoneza, kenako ndinkawerenga yankho mzere ndi mzere. Pomwe sindidamvetse chifukwa chake ndi pokhapo pomwe ndinkapita ku buku lalikulu kapena ku kanema wa OpenTuition, tsamba la pa intaneti lophunzitsa maphunzirowa, nkuwerenga masamba awiri kapena atatu okhudza vuto limenelo basi. Masiku anayi oyamba zimawawa, umadziona ngati mbuli yeniyeni. Koma chinthu chomwe chakugwetsa kamodzi, ukachimvetsa sichichokanso m'mutu.

Ndidagula kope limodzi lokha la masamba 96, loti ndizilembamo zolakwa zanga. Simunali manotsi ayi. Mzere umodzi pa cholakwa chilichonse, mmawu anga: ndaiwalanso kuti kampani idagulidwa pakati pa chaka, phindu ligawidwe ndi miyezi, lendi yolipira kumayambiriro kwa chaka ichotsedwe kaye musanaike chiwongoladzanja. Pofika sabata yachinayi ndidaona kuti zolakwa zanga zinali zomwezomwezo, pafupifupi khumi, zikungosintha zovala.

Masabata awiri oyamba aperekeni ku Section C, chifukwa kumeneko malikisi amaperekedwa pa sitepe iliyonse ndipo mafunso ake amayenda m'njira yodziwika. Nthawi zambiri limodzi limakhala lokonza malipoti a chuma, a kampani imodzi kapena a gulu la makampani, linalo lotanthauzira manambala.

Consolidation, kuphatikiza malipoti a makampani a gulu limodzi kukhala lipoti limodzi, anthu amaiopa, koma kwa ine ndi yomwe idandipulumutsa. Ili ngati kuphika nsima: ndondomeko yake ndi imodzi tsiku lililonse, chimasintha ndi kuchuluka kwa ufa. Mumayamba ndi kuona kuti kampani yaikulu ili ndi magawo angati pa 100 mu kampani yaing'ono, ndipo idagula liti. Kenako chuma chenicheni cha kampani yaing'onoyo pa tsiku logula ndi pa tsiku lotseka chaka, mutaika kale fair value, mtengo wake wa pamsika. Chachitatu goodwill: zomwe adalipira, kuphatikiza gawo la eni masheya ang'onoang'ono, kuchotsa chuma chija cha pa tsiku logula. Chachinayi non-controlling interest, gawo lija la eni masheya ang'onoang'ono, chachisanu retained earnings, phindu losungidwa la gulu lonse. Masitepe asanu amenewa ndinkawalemba mmawa uliwonse papepala loyera ndisanayambe china chilichonse, mpaka dzanja lidazolowera lokha. Misampha yake ndi yowerengeka: katundu yemwe makampani awiriwo adagulitsana koma akadali m'sitolo, phindu lake lichotsedwe; ngongole zapakati pawo zifafanizidwe; malipiro ochedwa abwezedwe ku mtengo wa lero. Mukalemba mafunso khumi a mtundu uwu mudzayamba kuiona misampha ija musanamalize kuwerenga funso.

Chinanso chomwe chidandimasula mtima ndi chakuti wochonga salanga kawiri pa cholakwa chimodzi. Goodwill yanu ikalakwika koma mwaitenga nkuiika pamalo oyenera, malikisi a sitepe yotsatirayo mumapeza, bola ntchito yanu ikuoneka. Ndiye mbali ziwiri za balance sheet, chuma ndi komwe chidachokera, zikakana kufanana musakhale pamenepo nkumasaka cholakwacho. Kuntchito sitingapite kunyumba zisanafanane, ndipo chizolowezi chimenecho ndi chomwe chimatipha m'mayeso. Mphindi 36 zikakwana nyamukani.

Funso lotanthauzira manambala ambiri amalipeputsa, poti kuwerengera ROCE (phindu poyerekeza ndi ndalama zomwe zili mu bizinesi), gearing (kukula kwa ngongole poyerekeza ndi ndalama za eni ake) kapena masiku omwe angongole amatenga ndi kosavuta. Koma malikisi a kuwerengerako ndi ochepa, ambiri ali pa kufotokoza. Mukangolemba kuti phindu lakwera, wochonga adziwonera yekha, sakupatsani kanthu. Muyenera kubwerera m'nkhani ya funsolo nkupeza chifukwa: adagulitsa nthambi yomwe inkaluza, adakweza mtengo wa nyumba m'mabuku ndiye ROCE yatsika ngakhale malonda sadasinthe, adatenga ngongole kumapeto kwa chaka ndiye chiwongoladzanja chake sichidaonekere chonse. Ine ndinkayerekeza kuti ndikufotokozera abwana anga, omwe sadziwa maakaunti koma amafunsa "chifukwa chiyani?" pa chilichonse.

Section A ndi B khalidwe lake ndi lina. Kumeneko kulibe theka, mwapeza awiri kapena mulibe, ndipo mafunso amachokera ngodya iliyonse ya silabasi. Malikisi 60 ali kumeneko, ndiye palibe mutu woti muudumphe dala. Malamulo a kalembedwe ka maakaunti amadziwika ndi dzina loti IAS kapena IFRS ndi nambala yake. Ang'onoang'ono monga IAS 20, IAS 23, IAS 40, IAS 41 ndi IAS 10 ndidawalemba pa timakadi todula ku katoni ya mapepala a printa, mbali imodzi funso, mbali inayo yankho. Timakadi timeneti ndinkawerenga m'minibasi kuchokera ku Bangwe kupita ku Limbe, makamaka nthawi yomwe minibasi ikudikira kudzaza. Akuluakulu monga IFRS 15 ya ndalama zolowa ndi masitepe ake asanu, IFRS 16 ya malendi, IFRS 9, IAS 12, IAS 36 ndi IAS 37 amafuna tebulo ndi kalikuleta. Tsiku lililonse mafunso 15 a malikisi awiri, wotchi ili pambali.

Samalani ndi mabuku obwereka. Mnzanga wina adandipatsa kit yomwe inkaphunzitsabe malendi mwa IAS 17, pamene IFRS 16 idalowa m'malo mwake mu 2019. Panopa IFRS 18, yomwe idatuluka mu 2024, ikulowa m'malo mwa IAS 1. Tsitsani silabasi ya nyengo yomwe mukulembayo pa tsamba la ACCA, muone ngati chaka cha pachikuto cha buku lanu chikugwirizana nayo.

Za nthawi yowerengera, ine usiku ndidausiya. Ndikaweruka, kuphika, kuona homuweki ya mwana, mutu umakhala utatha. Zoviika miyendo m'beseni la madzi ozizira tidachita pa MSCE, pa msinkhu uno zimangobweretsa chimfine. Ndinkagona 9 koloko, kudzuka 4 koloko, kuwerenga mpaka 6 koloko. Maola awiri amenewo nyumba ili zii, kutentha kwa Novembala kusanayambe. Pa nkhomaliro mphindi 30 za mafunso afupiafupi. Laputopu ndi nyale ndinkazitchaja kuntchito tsiku lililonse, chifukwa mvula yoyamba ikayamba magetsi sapangana ndi munthu. Foni inkagona pabalaza. Magulu a WhatsApp a ophunzira ndidawatseka pakamwa onse kupatula limodzi la anthu atatu, chifukwa enawo nkhani yake imangokhala yolosera zomwe zibwere.

Kunyumba lankhulani poyera kuyambira tsiku loyamba. Ine ndidawauza bambo a kunyumba kuti, "Abambo a Chisomo, mpaka pa sabata yoyamba ya Disembala ndiwo zikhala zomwezomwezo, ndipo Loweruka mwanayu ndi wanu." Adaseka koma adavomera. Kwa amayi a kumpingo ndidapepesa kuti kwaya ndiyamba ndaima. Maliro okha ndiye sakanika, ndipo adagwadi pa sabata yachitatu kwa aneba, masiku awiri adapita. Nchifukwa chake Lamlungu masana ndinkawasiya opanda ntchito pa ndondomeko, kuti zikasokonekera pakhale pobwezera.

Tchuthi ngati muli nacho musachimwaze. Ine ndidali ndi masiku anayi. Ndidagwirizana ndi mnzanga wa mu ofesi uja kuti ine ndinyamula ntchito yake yambiri potseka Okutobala, iye anyamule yanga potseka Novembala, kenako tidapita limodzi kwa abwana ndondomeko ili kale m'manja. Bwana amavomera msanga akaona kuti mabuku ake atsekedwa ndithu.

Kuyambira sabata yachitatu, Loweruka lililonse mmawa lembani mayeso athunthu a maola atatu pa ACCA Practice Platform, malo a pa intaneti oyesererapo mayeso. Ndi yaulere kwa wophunzira wolembetsa, ndipo maonekedwe ake ndi omwe mukawapeze tsiku la mayeso. Izi musazinyozere, poganiza kuti Excel mumaidziwa. Spreadsheet ya m'mayeso si Excel, zina zomwe zala zanu zidazolowera sizigwira, ndipo kusinthasintha pakati pa funso ndi poyankhira kumadya mphindi. Ine ndinkapita ku ofesi Loweruka chifukwa kuli jenereta ndi intaneti yodalirika. Mayeso oyamba ndidapeza 41, funso lomaliza sindidalikhudze nkomwe. Masana ake ndinkadzichonga ndekha mopanda chifundo, nkulemba m'kope lija. Werenganinso malipoti a examiner a nyengo ziwiri kapena zitatu zapitazo, omwe ACCA imaika pa tsamba lake. Amanena poyera pomwe anthu adagwera.

Sabata yomaliza musayambe mutu watsopano. Ine IAS 33 ya diluted earnings per share, kuwerengera phindu la sheya iliyonse ngati masheya atachuluka, inkandizunguzabe, ndidangophunzira njira yake yachidule nkuisiya. Masiku amenewo ndi a kope la zolakwa, masitepe asanu aja, ndi kubwereza mafunso a Section C omwe adakugwetsani poyamba. Dzulo la mayeso ndidatseka mabuku 4 koloko madzulo, ndidasindikiza docket, kapepala kolowera m'mayeso, ndidaika chitupa cha unzika ndi kalikuleta m'chikwama, nkukagona.

M'chipinda cha mayeso ndidayamba ndi Section C mutu ukadali wozizira, poti kompyuta imalola kuyambira pomwe ukufuna. Consolidation idakana kufanana ndi kanambala kena, ndidaisiya pa mphindi 36 mtima ukuwawa. Mu Section A funso lililonse londivuta ndinkasankha yankho, kuika flag, chizindikiro choti ndidzabwererepo, nkupitirira, chifukwa yankho lolakwa silichotsetsa malikisi pamene malo opanda kanthu ndi ziro basi. Ndidatsala ndi mphindi 7, ndidabwerera ku ma flag anayi, ndidasintha limodzi.

Zotsatira zidatuluka pakati pa Januwale, uthenga udalowa pa foni ndili m'tulo. Ndidauona 4 koloko mmawa, poti thupi lidali litazolowera kudzuka nthawi imeneyo: 58. Ndidawadzutsa abambo a Chisomo, kenako ndidatsitsa kalendala yatsopano pakhoma nkuyamba kufufuta masiku a Audit and Assurance ya mu Juni.