Madzi odikha m'chitseko cha galimoto ya Mazda MX-5

Mvula ikagwa, madzi ankamveka akugwedezeka m'kati mwa chitseko. Kulowa kwa madziwo si vuto ayi: amadutsa pa labala wa galasi, ndipo amayenera kutulukira pa timabowo ta kunsi kwa chitseko. Timabowoto tinali titatsekeka ndi matope.

Ndinatsegula chitseko n'kutokosa bowo lililonse ndi chingwe cha pulasitiki cha makina odulira udzu. Waya musagwiritse ntchito, amakanda penti ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Madzi akuda atatha kutuluka, ndinathira lita imodzi pagalasi kuti ndione ngati akutsika msanga.

Kapeti ya m'galimoto ikamanyowa ngakhale timabowo tili totseguka, chotsani chophimba cha m'kati mwa chitseko muone pepala la pulasitiki lomatidwa kuseri kwake. Likamatuka, madzi amalowera m'galimoto. Limateninso ndi butyl, chomatira chonanda chopangidwa ndi labala.