Madzi apansi akalowa chromium pamalo pomwe panali fakitale, muyambire pati

Anzanga amene mwapatsidwa malo pomwe kale panali fakitale yokutira zitsulo kuti ziziwala, yofufuta zikopa kapena yothira mankhwala matabwa kuti asadyedwe ndi chiswe, musathamangire kugula pampu. Ambiri amayamba ndikupopa madzi nkumaona ngati ntchito yayenda, pomwe poizoni weniweni ali phee mdothi pansi pomwe panali mathanki, ndipo mvula ikagwa amatsikanso mmadzi.

Poizoniyo ndi chromium, mtundu wa chitsulo womwe mafakitale oterewa amagwiritsa ntchito, ndipo amene timamuopa ndi chromium 6. Ameneyu amasungunuka mmadzi, sakakamira ku dothi, nde amayenda ndi madzi apansi mpaka kukatulukira mmijigo ndi zitsime zakutali. Amayambitsa khansa, amatulutsanso zilonda pakhungu. Chromium 3 ndi wofatsa, sasungunuka kwenikweni, amakhazikika mdothi momwemo. Nde ntchito yonse yagona pakusandutsa 6 uja kuti akhale 3.

Choyamba tsekani zitsime zomwe mukuzikayikira ndipo anthu apezeredwe madzi ena. Kuwiritsa sikuthandiza olo pang'ono, madzi amachepa koma chromium amatsala yense, ndipo klorini nde angathe kubweza 3 kukhala 6. Musadalirenso maso. Madzi achikasu ndiye kuti zafika poipa kale, koma oyera mbee angakhalenso atadutsa mulingo wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO womwe ndi mamaikrogalamu 50 pa lita. Tumizani ku labotale ndipo muwauze ayeze chromium yense komanso chromium 6 payekha, apo bii akupatsani nambala imodzi yosakuuzani kanthu.

Kenako bowolani timijigo toyezera, tina kumtunda komwe madzi akuchokera, tina pakati pamalopo, tina kumunsi, kuti mudziwe madzi akulowera kuti komanso kuipako kwafika pati. Funsaninso amene ankagwira ntchito pafakitalepo, iwowo amadziwa komwe kunali dzenje lotayira madzi oipa kuposa mapu aliwonse. Dothi lapamenepo likumbidwe nkukatayidwa kumalo ovomerezeka, kapena lisakanizidwe pompo ndi mankhwala osandutsa 6 kukhala 3, ferrous sulphate kaya calcium polysulphide.

Tsopano madziwo. Kupopa nkusefa ndi resin, timikanda togwira chromium mmadzi, kumathandiza kuti kuipako kusafalikire, koma kumadya magetsi ndi ndalama zaka ndi zaka, ndipo mukazimitsa pampu manambala amakweranso chifukwa chromium wobisala mdongo amatuluka pang'onopang'ono. Ine ndimakonda njira zogwirira ntchito pansi pomwepo. Ina ndiyothira chakudya cha mabakiteriya kudzera mmijigo, monga molasses, ethanol kapena lactate, tizilomboto tikamadya timamaliza okosijeni mmadzimo, ndipo okosijeni akatha chromium 6 amasanduka 3, mwina ndi mabakiteriya enieniwo mwina ndi ayironi wamdothi amene wasungunuka. Koma musathire mophwanya ayi, mijigo imatsekeka ndi ndere za mabakiteriya, komanso zinthu zina zapoizoni, arsenic ndi manganese, zomwe zinali zitagona mdothi zimatha kudzuka nkulowa mmadzi, nde muziyezanso zimenezo.

Njira ina ndi khoma la pansi. Mumakumba ngalande yopingasa njira ya madzi nkudzazamo tizidutswa ta chitsulo, madzi amadutsa okha popanda pampu, chitsulo chimachita dzimbiri ndipo chromium amatsalira momwemo atasanduka 3. Ku Elizabeth City, North Carolina, mdziko la America, pamalo a asilikali olondera gombe pomwe panali shopu yokutira zitsulo, anaika khoma lotere mu 1996, lotalika mamita 46, lakuya mamita 7.3, kunenepa kwake masentimita 60 okha, ndipo patadutsa zaka zoposa 10 linali likugwirabe ntchito. Vuto lake nloti madzi akakhala akuya kwambiri kukumba kumadula, komanso mukaphonya komwe madzi akulowera amangolilambalala khomalo.

Za nthawi musanamize anthu kuti chaka chimodzi zitheka. Ku Hinkley, California, ku America komweko, kampani ya magetsi ndi gasi ya PG&E inkagwiritsa ntchito chromium 6 poteteza dzimbiri pakati pa 1952 ndi 1966, madzi ake nkumatayira mmaiwe osawaka pansi, mu 1996 inalipira anthu a mderalo amene anaisumira madola 333 miliyoni koma kuyeretsa kukupitirirabe mpaka pano, amathira ethanol pansi komanso madzi ena amathirira minda ya alfalfa, msipu wa ziweto, kuti dothi ndi mizu zisandutse chromium uja.

China chomwe ambiri amaiwala, chromium 3 sanachoke, adakali pansi pomwepo. Ngati dothi lanu lili ndi manganese oxide wambiri angathe kumubwezanso kukhala 6, nde dothilo liyezedwe musanasankhe njira. Mukamaliza kuthira mankhwala pitirizani kutenga madzi mtimijigo tija miyezi itatu iliyonse, nyengo yamvula ndi yachilimwe yomwe, ndipo pasapezeke wobowola mjigo wakumwa pamalopo mpaka oyang'anira zachilengedwe atavomereza polemba.