Mmene mungawerengere zotsatira za magazi zikaonetsa kuti GGT yakwera

GGT, dzina lake lonse gamma-glutamyl transferase, ndi enzyme (puloteni yothandiza ntchito za m'thupi) yopezeka yambiri m'chiwindi ndi m'timitsempha todutsa ndulu. Chiwindi chikavutika, kapena ndulu ikalephera kuyenda bwino, GGT imachuluka m'magazi. Vuto lake ndi lakuti imakwera msanga pa zifukwa zambiri, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, moti payokha siinena matenda amene muli nawo.

Yambani ndi kuona malire amene alembedwa pambali pa nambala yanu. Ma labotale ambiri amaika pakati pa 5 ndi 40 U/L (mayunitsi pa lita imodzi) kwa akuluakulu, koma makina amasiyana, ndipo malire a amuna amakhala okwererapo kuposa a akazi. Makanda ongobadwa kumene amakhala ndi GGT yochuluka kangapo kuposa ya wamkulu popanda vuto lililonse. Gawani nambala yanu ndi malire apamwamba: 60 pa 40 ndi kukwera pang'ono, pamene 400 ndi kukwera kakhumi. Ndulu ikatsekeka, kaya ndi timiyala kapena chotupa, GGT imatha kukwera ka 5 mpaka ka 30.

Kenako yang'anani zina zoyezedwa pa pepala lomwelo, chifukwa nkhani yeniyeni ili pamenepo. ALP (alkaline phosphatase), yomwe ndi enzyme ina, imachokera ku chiwindi komanso ku mafupa, pamene GGT ya m'magazi siichokera ku mafupa. Choncho ALP ndi GGT zikakwera pamodzi, dokotala amakayikira njira za ndulu ndipo nthawi zambiri amalemba kuti mukajambulidwe m'mimba ndi ultrasound. ALP ikakwera yokha, GGT ili bwinobwino, maganizo amapita ku mafupa, ngakhale kuti mwana amene akukula kapena mayi woyembekezera amakhala ndi ALP yokwera mwachibadwa. ALT ndi AST, ma enzyme opezeka m'maselo a chiwindi, zikakwera nazo, ndiye kuti maselo a chiwindi akuwonongeka, ndipo m'pofunika kuyezetsa hepatitis B ndi C. AST ikaposa ALT kawiri, GGT ilinso pamwamba, kawirikawiri chimakhala chizindikiro cha mowa. Bilirubin, chinthu chachikasu chimene chiwindi chimatayira mu ndulu, ikakwera si yozengereza nayo.

Nanga ikakwera GGT yokha? Apa m'pamene anthu ambiri amachita mantha mosayenera. Zoyambitsa zofala ndi mowa, mafuta m'chiwindi chifukwa cha kunenepa kapena shuga, kusuta fodya, ndi mankhwala. Mankhwala a khunyu monga phenytoin, carbamazepine ndi phenobarbital amachititsa chiwindi kupanga GGT yochuluka ngakhale chisanawonongeke. Ma ARV ena monga nevirapine ndi efavirenz amathanso kuikweza. Musasiye mankhwalawa panokha: khunyu likayambiranso, ngozi yake imaposa kutali nambala ya papepala. Lembani zonse zimene mumamwa, kuphatikizapo zitsamba ndi mankhwala ogula opanda chikalata cha dokotala, mupite nazo. Mtima wofooka nawo umakweza GGT, chifukwa magazi amadzadzana m'chiwindi.

Pa za mowa, nenani zoona. Komanso dziwani kuti GGT si umboni woti munthu amamwa. Alipo osalawa n'komwe amene ili yokwera, ndi ena omwa kwambiri amene ili m'malire.

Ngati mulibe zizindikiro zina, njira yabwino ndi kusiyiratu mowa kwa milungu 4 mpaka 6 n'kukayezetsanso. GGT imatsika pang'onopang'ono, theka lake limachoka pakatha masiku 14 mpaka 26, ndiye kubwereza pakangotha sabata imodzi n'kutaya nthawi. Amene amamwa kwambiri tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi popanda thandizo la achipatala, chifukwa akhoza kuyamba kunjenjemera kapena kukomoka. Kwa amene ali ndi mafuta m'chiwindi, kuchepetsa thupi ndi 7 mpaka 10 peresenti kumathandiza kwambiri. Pobwereza, pitani ku labotale yomweyo kuti nambala ziyerekezeke bwino, ndipo funsani ngati akufuna kuti musadye kwa maola 8 musanatengedwe magazi.

Musadikire milungu imeneyi ngati maso kapena khungu zasanduka zachikasu, mkodzo wada kwambiri, chimbudzi chayera, thupi likuyabwa, mimba yatupa, kapena mukuwonda osadziwa chifukwa. Kutentha thupi pamodzi ndi ululu pansi pa nthiti za kumanja, kusanza magazi kapena kusokonezeka mutu zimafuna kuti mufike kuchipatala tsiku lomwelo.