Mimba ya nkhalamba ikatupa ngati ng'oma

Bambo anga a zaka 71 matumbo awo aakulu anapotana tili kwathu ku Ngabu, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Gadiyani ndinali ineyo.

Matumbo a munthu akapotana, mimba imatupa msanga, mukaigogoda imalira ngati ng'oma. Chimbudzi chimaima, ngakhale kuphwisa kumene kumakanika. Funsani za kuphwisako. Ine manyazi anandigwira, ndinachita kutuma amalume kuti akawafunse. Kusanza kumabwera mochedwa, musakudikire.

Musawapatse mankhwala otsegula m'mimba, mizu, nsima kapena thobwa. Ife tinataya tsiku lathunthu tikuwiritsa mizu. Thumbolo limakhala lazipota ngati chingwe, magazi safikako, ndipo likachedwa limafa n'kuyamba kuola.

Thamangirani kuchipatala cha boma, ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Nyamulani buku lakuchipatala, ndowa, zitenje ndi kandalama, chifukwa akhoza kukutumizani ku Queens ku Blantyre. Adokotala muwauze tsiku limene chimbudzi chinaima, mankhwala a shuga kapena a BP amene amamwa, ndi mizu yomwe, musabise.

Amayamba ndi dilipi, paipi ya pamphuno ndi X-ray. Ngati thumbo likadali lamoyo, amalowetsa paipi kotulukira chimbudzi, mpweya n'kutuluka, mimba n'kuphwa. Apa ndiye pamene ambiri timalakwa. Bambo anangoti, "Mwanangu, ndachira, tizipita." Ndinakana mwaulemu, poti lopotana kamodzi kawirikawiri limapotananso. Anasainira opaleshoni, adokotala anadula gawo lovutalo n'kulumikiza mbali zotsala.

Agogo a pabedi loyandikana anafika thumbo litafa kale. Iwo anawatulutsira thumbo pamimba, chimbudzi chizigwera m'kathumba ka pulasitiki, kuti adzalumikize pakapita miyezi ingapo. Ndi kutentha kwa kuno thukuta limamatula kathumbako, choncho khungu muliumitse bwino musanamate, ndipo azimwa madzi ambiri.

Opaleshoni ikatha musawasiye chigonere. Anamwino akalola, akhazikeni tsonga, ayendetseni pang'ono m'wodi kuti asadwale chibayo. Madzi ndi phala lamadzimadzi ziyambe adokotala akanena. Kunyumba, mukaona thupi latentha, bala likutuluka mafinya kapena mimba yayambanso kutupa, bwererani tsiku lomwelo.

Khasu ndi kusenza matumba zidikire miyezi iwiri kapena itatu. Khasu la bambo ndinakalibisa kwa azakhali ku Bangula, munda wa mapira tinalima ife ana.